Matenda Okumbuka Mochedwa

M'dziko la Tidzakonza, kutsidya kwa mtsinje wa Dikirani, kunali nyumba yosungirako okalamba yotchedwa Khalanipo. Mabedi makumi awiri ndi anayi, mabeseni atatu, limodzi lodontha. Wochapa zofunda zonse za m'nyumbamo anali mmodzi, Enelesi, mayi wa ana anayi, ndipo wofuna kumupatsa moni ankamupatsa akuyenda chifukwa sankaima.

Sopo anatha mu Febuluwale. Nduna ya Okalamba ndi Zina Zotsala, Olemekezeka a Kamwabwino, inabwera, inalonjeza makatoni khumi, inajambulitsa itanyamula katoni yopanda kanthu, n'kubwerera nayo katoniyo. Ndiye kalata itafika yoti antchito onse ndi amayi odzipereka akhale pansi masiku atatu kuphunzira za matenda a kuiwala, Enelesi anafunsa funso limodzi lokha: "Zofunda zizichapidwa ndi ndani masiku atatuwo?" Anazichapa yekha m'mamawa, n'kukalowa m'kalasi zala zitakwinyika ndi madzi.

Akanatha kuzemba, koma analowa chifukwa cha a Mlongoti.

A Zakeyu Mlongoti, a bedi la pazenera, anali wolengeza wa kunyumba yachifumu zaka makumi awiri ndi ziwiri. Kulikonse kumene Mfumu Sindinanene Yachitatu inkapita, iwo ankatsogola ndi chimkuzamawu, ndipo Mfumu ikauma pakhosi ankamalizitsa ndi iwo mawu ake. Tsopano sankadziwa ngati adya kapena ayi. Iwo ankamutcha Enelesi kuti Mereya, dzina la mlongo wawo amene anamwalira kalekale, ndipo iye ankangoyankha kuti "Wawa, achimwene," chifukwa kutsutsana nawo kunkadya nthawi yochapira. Sankasamba pokhapokha utawauza kuti lero kuli msonkhano. Ukawapatsa supuni yachitsulo ankayamba kulengezeramo phala n'kuzizira, choncho yawo inali yapulasitiki. Zonsezi ankazidziwa Enelesi yekha, ndipo sizinalembedwe paliponse.

Vuto linali chipata. Chikangotsala chotsegula, a Mlongoti ankavala jekete n'kulunjika ku msika wa Tsitsaniko, kukwera pa kreti ya zakumwa, n'kukweza dzanja:

"Anthu anga okondedwa a Tidzakonza! Chaka chino, ndikuti chaka chino chomwe, mvula isanagwe, mudzawoloka Dikirani mapazi ali ouma!" Apa ankatsokomola kawiri. "Ndipo wokayika, akayike ali pa mlatho!"

Mawu amenewa Mfumu inawanena koyamba chaka chimene inalowa ufumu, zaka makumi atatu ndi chimodzi zapitazo. Mlathowo anthu ankaudziwa ndi miyala ya maziko yokha, imene inalipo isanu ndi iwiri, ndipo amayi ankachapirapo. Amsika ankaseka, ena ankawaombera m'manja, ena ankanong'ona kuti nkhalamba yoyenda yokha chonchi ili ndi zake zimene imachita. Enelesi ankabwera thukuta kamukamu kudzawatsitsa pa kretipo.

Wophunzitsa anali namwino wa kuchipatala cha boma, a Zione, munthu waulemu wosadziwa kuti akuyatsa moto. Anamata chipepala chachikulu pakhoma n'kunena kuti matendawa pa Chingerezi amati dimensha.

"Dzina lokongola," anatero Nasibeko, wogulitsa tomato amene ankabwera Lachiwiri lililonse kudzameta agogo. "Mwana wanga wotsatira ndimutcha limenelo."

"Si ufiti, si misala, si dala," anapitiriza a Zione. "Ndi ubongo umene ukudwala. Zakale zimatsala, zatsopano sizikhazikika. Ndilemba zizindikiro, muziwerenga mokweza."

Choyamba: kubwereza nkhani imodzimodzi ngati akuinena koyamba.

Amayi anayang'anana.

Chachiwiri: kukana zimene wanena posachedwa.

Wina kumbuyo anatsokomola.

Chachitatu: kusochera pa njira yopita kwawo.

"Anamwino," Nasibeko anaimika dzanja, "pepani. Mukunena za odwala athuwa, kapena za phungu wathu? Chifukwa iye chisankhidwireni njira ya kuno sanaipeze."

Chachinayi chinali kuika zinthu pamalo olakwika. Mlonda wa pachipata anafunsa ngati ambulansi ya chipatala kupezeka ikututa chimanga kumunda kwa nduna n'kuika chinthu pamalo olakwika. Chachisanu chinali kusazindikira anthu amene wakhala nawo zaka zambiri. Pofika pa chachisanu ndi chimodzi, kunamizira ena kuti ndiwo aba, amayi anali atagona pa mabenchi ndi kuseka, ena akupukuta misozi ndi chitenje, mlonda atatuluka panja kukasekera kukhoma. Enelesi nayenso anaseka mpaka nthiti kuwawa, kenaka anakumbukira kuti wasiya zofunda pachingwe ndipo kukuchita mitambo.

Madzulo Nasibeko anamatula chipepala chija kuti akayale pa benchi yake ya tomato. Mawa lake msika wonse unali utachiwerenga. Pofika masana ogulitsa kaunjika anali atachipachika pa mtengo, ndipo munthu akamagula ankayamba wapimidwa kaye. "Mwati mwandipatsa kale? Chachiwiri chimenecho, bambo!"

Nkhani ya ku bwalo la nduna inamupeza Enelesi pa mjigo, kudzera kwa mlamu wake Filesi, amene ankathira tiyi kunyumba yachifumu.

"Mlamu, mwaputa zimene simungazithe," anatero Filesi akutula ndowa. "Chipepala chanu chafika pa tebulo lalikulu. A Kamwabwino akuwerenga choyamba, Mwinidziko, Mfumu yathuyi, akuyang'ana kudenga. Akuwerenga chachitatu, Nduna ya Misewu yafunsa kuti kodi kwawo n'kuti, kuti ikatsutse. Chachinayi, Nduna ya Zaumoyo yatsamwa ndi sikono. Ine ndangogwira ketulo, milomo ndaluma."

"Ndiye agwirizana zotani?"

"Akhala maola asanu. Ena amati awotche chipepala, ena amati awotche msika. Mapeto ake apeza kuti wolakwa si munthu. Ndi mawu."

Lamulo linalengezedwa pa wailesi tsiku lomwelo. Gawo loyamba: m'dziko la Tidzakonza mulibe munthu woiwala, ndipo mawu akuti kuiwala aletsedwa kuyambira lero, pakamwa, papepala ndi m'nyimbo. Gawo lachiwiri: wofuna kunena chinthu chimenecho azinena kuti kukumbuka mochedwa. Gawo lachitatu: popeza palibe woiwala, aliyense wobwereza mawu akale a Mfumu pagulu akuchita dala, ndipo malo ake ndi ndende ya Khalachete.

Msika unalilandira lamulolo ndi manja awiri. Mwana wotumidwa mchere n'kubwera ndi maswiti ankati wakumbuka mochedwa. Bambo wina atagwidwa ndi mkazi wake kuseri kwa okazinga tchipisi anati anakumbuka mochedwa kuti ali pabanja, ndipo mkaziyo anati nayenso akumbuka mochedwa kumene waika chakudya chamadzulo. Mayi wogulitsa makala, dzina lake Iwalani, anapita yekha kupolisi kukafunsa ngati aloledwabe kuitanidwa. Anamulembera kakalata koti kuyambira pano ndi Mayi Kumbukani Mochedwa, ndipo makasitomala ake angongole anati dzinalo lawakomera.

Enelesi sanaseke. Gawo lachitatu linali ndi munthu mmodzi yekha m'dziko lonse, ndipo munthuyo anali pa bedi la pazenera akupinda ndi kupindanso mpango umodzi. Masana kunabwera kalata: Lachisanu Mfumu idzabwera yokha kudzapereka masatifiketi kwa ophunzira, ndipo Zakeyu Mlongoti adzaonekere pamaso pake kuti aweruzidwe.

"Ku Khalachete adzawapatsa supuni yanji?" anafunsa Enelesi.

"Kumeneko kulibe supuni," anayankha mlonda.

Ndiye basi. Munthu amene sadya popanda kumunyengerera, amene amalira akadzuka osaona zenera lake, kumeneko sabata sangathe. Enelesi anachapa tsiku limenelo ngati zofundazo zamulakwira.

Maphunziro anapitirira, poti kalata yoletsa maphunziro inakumbukidwa mochedwa. A Zione anafufuta mutu wa phunziro n'kulemba kuti Matenda Okumbuka Mochedwa. Masiku otsalawo anaphunzitsa kasamalidwe.

"Musamutsutse. Akati lero ndi Khirisimasi, musatenge kalendala. Musamufunse kuti mukundikumbuka, mumamuchititsa manyazi. Fikani kutsogolo kwake, tsikani kuti maso alingane, nenani dzina lanu. Lankhulani pang'onopang'ono, chinthu chimodzi pa nthawi. Akakwiya, musalimbane ndi mawu ake, funani chimene akuopa. Lowani m'dziko limene iye ali, mumutulutse ndi ulemu. Mupatseni chogwira m'manja. Ndipo chofunika chilembeni, muchimate pakhoma pamene angachione."

"Amake Fatsani, inu simukulemba?" anafunsa a Zione akuyang'ana Enelesi.

"Ndakhala ndikuchita zimenezi zaka ziwiri, anamwino," anatero Enelesi. "Kungoti sindinkadziwa kuti zili ndi satifiketi."

Lachisanu linafika. Khoma la kutsogolo lokha linapakidwa laimu. Agogo onse anavekedwa zitenje za nkhope ya Mfumu, nkhope ya zaka makumi atatu zapitazo, ya tsitsi lonse. Beseni lodontha linabisidwa. Panabweranso katoni ya sopo ija, yomweija, Enelesi anaizindikira ndi kona yophwanyika. A Mlongoti anasamba osavuta, chifukwa kwa nthawi yoyamba mawu akuti lero kuli msonkhano anali oona. Enelesi anawakhazika kumapeto kwa mzere, anawapatsa lichero la mtedza kuti aziswa, n'kupemphera kuti mtedzawo usathe msanga.

Galimoto zinafika khumi ndi zinayi. Mfumu inatsika, munthu wonenepa wa dazi, miyendo yotupa, chipewa chachifumu chikutsetsereka ndi thukuta. Inaima pansanja, inakonza pakhosi.

"Anthu anga okondedwa a Tidzakonza!"

Lichero linagwa. A Mlongoti anali ataima kale, dzanja m'mwamba, msana uli chilili ngati wa msilikali.

"Chaka chino," inatero Mfumu.

"Ndikuti chaka chino chomwe!" anatero a Mlongoti.

"Mvula isa..."

"Isanagwe, mudzawoloka Dikirani mapazi ali ouma!"

Ndiye onse awiri anatsokomola kawiri. Pamodzi. Ngati anachita kuyeserera.

Nasibeko analowetsa chitenje m'kamwa. Wa ng'oma anagwetsa ndodo. Msilikali wina anatembenuka n'kuyamba kuyang'anitsitsa mtengo wa mango, mapewa akugwedezeka.

"Ndipo wokayika," anamaliza a Mlongoti okha, mokoma, "akayike ali pa mlatho!"

Mfumu inavula magalasi. "Ndani ameneyu? Sindinamuonepo chibadwire."

"Chachisanu," inamveka nong'onong'o kuchokera m'chitenje cha Nasibeko.

A Kamwabwino analumpha. "Mwinidziko, ndi yemwe uja wa kumsika. Womusamalira ali kuti? Iwe mayi, bwera kuno. Yankha pamaso pa Mfumu, mawu amodzi. Nkhalambayi ikuchita dala, kapena ayi?"

Enelesi anauona msamphawo bwinobwino. Akati akuchita dala, a Mlongoti apita ku Khalachete. Akati amaiwala, apita onse awiri, ndipo ana ake anayi adzadya lamulo. Akati amakumbuka mochedwa, nanga munthu amene wangotsogolera Mfumu pa mawu ake omwe wachedwa pati? Anayang'ana a Zione. A Zione ankayang'ana nsapato zawo.

Kenaka anayang'ana Mfumu. Inali itagwira chipewa ndi manja awiri, maso akuthamanga pa nkhope za anthu kufuna amene akuseka. Nkhope imeneyo Enelesi ankaidziwa. Ankaiona m'mawa uliwonse pa mabedi makumi awiri ndi anayi.

Anadutsa a Kamwabwino ngati mtengo. Anafika kutsogolo kwa Mfumu, anagwada, anadikira mpaka maso atakumana.

"Mwinidziko, ine ndine Enelesi. Ndimachapa zofunda muno."

"Ine sindinanenepo za mlatho!" inakalipa Mfumu. "Lero ndi loyamba!"

"Inde, Mwinidziko. Lero ndi loyamba."

Mfumu inatsegula pakamwa kuti itsutse, koma panalibe chotsutsa. "Nanga... nanga uyu wazitenga kuti?"

"Mwaima nthawi yaitali, dzuwa likuswa. Khalani kaye apa." Anakoka mpando. Mfumu inakhala, mwina chifukwa panali patapita zaka zambiri munthu asanaiuze chochita ndi mawu a mayi wotopa. Enelesi anatola lichero lija n'kuliika pamiyendo yachifumu. "Tagwirani ichi."

Nduna zinayang'anana. Zala za Mfumu zinapeza mtedza, zinaswa umodzi zokha.

"Bambo awa," anatero Enelesi pang'onopang'ono, "akukhala m'chaka chimene inu munalowa ufumu. Sanatulukemo. Kwa iwo mvula ija sinagwebe. Simunachedwe ndi tsiku limodzi lomwe."

Mfumu inaswa wina.

"Kumsika anthu akamva za mlatho amaseka. Nduna zanuzi zikamva zimayang'ana mawotchi. Ine ndemwe, pepani, ndimachapira pa mwala wa maziko wachinayi, ndi wosalala bwino. M'dziko lonse la Tidzakonza munthu amene akukhulupirirabe kuti mlatho ubwera chaka chino ndi mmodzi. Ndi awa. Mukawatsekera, atsala ndani?"

Mfumu inasiya kuswa mtedza.

A Mlongoti anali atayandikira, akufuna lichero lawo. Anaweramira munthu wadazi wokhala pampandoyo, anamuyang'ana mwachifundo, n'kumugwira paphewa.

"Bambo, mwabwera kudzaona Mfumu? Dikirani pang'ono, ikubwera. Ndi mnyamata wabwino, wa tsitsi lambiri. Akalankhula amayang'ana anthu m'maso. Walonjeza mlatho, ndipo ameneyo akanena wanena. Ine ndimayenda naye, ndikumudziwa."

Mfumu inawayang'ana nthawi yaitali. Inayang'ana chitenje chimene chinali pamapewa awo, nkhope ya mnyamata uja. Kenaka inafwenthera mu mpango mwamphamvu, moti wa lipenga anaganiza kuti ndi chizindikiro n'kuyamba nyimbo ya fuko.

Itatha nyimbo, Mfumu inaimirira, makoko a mtedza akugwa pa mkanjo. "Ndikulamula! Munthu uyu ndi Chuma cha Dziko. Asachotsedwe pa nyumba ino. Asakhudzidwe. Azilengeza kumene akufuna, ndipo kreti yake ipakidwe utoto!"

Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta, a Kamwabwino anaomba kuposa onse n'kuuza atolankhani kuti maganizowo anali awo kuyambira kale. Enelesi sanaombe. Anali atang'amba kale tsamba m'kope la a Zione, cholembera chili m'manja.

"Mwinidziko, chinthu chimodzi. Tilembe. Musaine apa, timate pakhoma."

"Mawu a Mfumu safuna pepala!"

"Inde, safuna. N'zothandiza ife, kuti tisadzakumbuke mochedwa."

Inasaina. Nasibeko anabweretsa phala lotsala, anamata pepalalo pakhoma lopakidwa laimu lija, pamene aliyense wolowa pachipata angalione. Bwino lomwe, chifukwa Lolemba lotsatira wailesi inalengeza kuti Mfumu sinapiteko ku Khalanipo chibadwire, ndipo apolisi awiri amene anabwera ndi unyolo anaima pakhomapo, anawerenga, anachitira pepalalo sailuti, n'kupempha madzi akumwa.

Koma za Lolemba n'zam'tsogolo. Lachisanu lomwelo masatifiketi anaperekedwa mothamanga. Ya Enelesi inalembedwa kuti Enelesi Mochedwa, mlembi atasokoneza mizere. Anaipinda n'kutsekera pa bowo la beseni lodontha, ndipo inagwira ntchito mpaka madzulo. Galimoto khumi ndi zinayi zinanyamuka ndi fumbi lake, katoni ya sopo inakwera nawo, ndipo pa mpando panatsala chipewa chachifumu, chimene mwini wake anachikumbuka patapita masiku atatu n'kunena kuti chabedwa.

"Chachisanu ndi chimodzi," anatero Nasibeko tsiku limene anazimva. "Zakwana zonse. Anamwino, ameneyu wakhoza mayeso."

Lachisanulo dzuwa likupendeka, Enelesi anakhazika a Mlongoti pa bedi lawo la pazenera, anawavula jekete, anawapatsa phala ndi supuni yapulasitiki. Anadya masupuni atatu n'kuima, nkhope ili ndi nkhawa.

"Mereya."

"Wawa, achimwene."

"Bambo adazi aja, oswa mtedza aja. Abale awo akudziwa kumene ali? Sakuoneka bwino. Akungobwereza zonena za anthu ena." Anapukusa mutu. "Usawabweze akabweranso. Uwapezere malo."

Enelesi anasonkhanitsa zofunda zakuda, anazimanga mtolo, anausenza pamutu.

"Bedi la pakona lilipo, achimwene," anatero ali pakhomo. "Koma akabwere ndi sopo wawo."